Nthondo ndi Chuma cha Zaka za m'ma 1920: Kuwerenga Ntara Kuchokera ku Rufunsa

Ku America ndi ku Ulaya, zaka zotsatira Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse zimakumbukiridwa monga nyengo ya chuma, magalimoto, wailesi ndi nyimbo za jazz. Cholinga cha nkhani ino ndi kufufuza mmene nyengoyo imaonekera m'buku la Samuel Josia Ntara lotchedwa Nthondo, tikaliwerenga ndi maso a anthu a m'boma la Rufunsa, kumene ana a Asoli amaphunzira Chinyanja kusukulu.

Ntara anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland, mishoni imene m'busa wake, W. H. Murray, anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika la 1922. Nthondo inapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, inasindikizidwa mu 1933, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa mutu wakuti Man of Africa. Motero mlembi anaona ndi maso ake zaka zimene tikukambazi.

Nkhani yake njodziwika. Nthondo akula ali mwana wosamva ndi wakuba, achoka kwawo kukagwira ntchito kwa Azungu, abwerera, alowa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima. Luso la Ntara lagona pa chiyankhulo chosalala ndi pa kudziwa kwake miyambo ya kumudzi. Koma tiyenera kuzindikira kuti m'bukuli ulendo wa kuntchito ndi mayeso a khalidwe, ndipo mlandu waukulu uli pa mtima wa mnyamatayo.

Tikaima ku Rufunsa, chithunzicho chipelewera. Mu 1924 dziko la Northern Rhodesia linachoka m'manja mwa British South Africa Company ndi kuyamba kulamulidwa ndi boma la Britain. Mu 1925 mgodi wa Broken Hill, umene uli ku Kabwe, unayamba kulandira magetsi a ku Mulungushi, ndipo chakumapeto kwa zakazo migodi ya mkuwa ya Roan Antelope ndi Nkana inali kufuna antchito zikwi zambiri. M'nyengo yomweyo unalambulidwa msewu wa magalimoto wochokera ku Lusaka kunka ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, nudutsa m'dziko la mafumu Bunda Bunda ndi Mpanshya. Chuma chinadutsadi pakhomo, koma sichinakhale pansi. Fodya amene analemeretsa alimi achizungu ku Fort Jameson anagwa mtengo mu 1928. Mu 1928 ndi 1929 boma linadula malire a malo osungirako anthu akuda, nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji nitsalira Azungu. Pamwamba pa zonsezi panali msonkho, umene mwamuna aliyense anayenera kupereka ndi ndalama.

Mnyamata amene anatsata msewu umenewu sanathawe mwambo. Anathawa mesenjala wa boma. Chinyanja chenichenicho chimachitira umboni. Mawu monga chitupa, kapitawo, sitolo ndi mtchona anazika mizu m'moyo wa maulendo a kuntchito, ndipo akunena za lamulo, malipiro ndi mabanja osiyidwa, osati za uchimo. Mtchona ndi munthu amene anapita osabwerera, pamene Nthondo abwerera ndi kupeza mpando.

Sitikunena kuti Ntara ananama. Iye analemba monga mwana wa mishoni, ndipo funso lake linali la chipulumutso cha munthu mmodzi. Vuto limadza pamene aphunzitsi atenga bukuli ngati mbiri yathunthu ya nyengoyo, mwana wa ku Rufunsa nayamba kuganiza kuti makolo ake anapita kumigodi chifukwa cha kusamva. Nthondo iyenera kuphunzitsidwa pamodzi ndi mbiri ya msonkho, ya nthaka ndi ya msewu, pakuti chimene chinatulutsa anthu ambiri m'midzi chili m'mbiri imeneyo.