Za Malamulo a Masewero Oyerekeza

Chimanga chikakololedwa ku Kasinje, m'chigwa cha Bwanje, ana amamanga timisasa ta mapesi kuseri kwa mudzi nayamba masanje. Wina akhala mfumu, ena bambo ndi mayi, wina tambala wolira kuti kwacha, ndipo wina fisi wodzaba ndiwo usiku. Malamulo ake sanalembedwe m'buku, komabe mwana aliyense awadziwa. Vuto libuka pamene fisi wagwira mphika, bambo nafuula kuti, "Ndakulasa!" fisi nayankha kuti, "Wandiphonya!" Mlandu wotere ulibe lamulo louweruza, chotero apambana ndiye wamkulu msinkhu kapena wa mawu okweza. Kamwana kakang'ono kakhala fisi lero, fisi mawa, ndipo kalasidwa masiku onse.

Mlandu wa fisiwu ndiwo umene anaupezera njira Gary Gygax ndi Dave Arneson a ku America, pamene anatulutsa masewero otchedwa Dungeons & Dragons m'timabuku titatu m'chaka cha 1974. Anthu akhala mozungulira tebulo. Mmodzi asimba za dziko ndi zoopsa zake monga wokamba nthano. Ena onse atenga aliyense munthu wake wa m'nkhaniyo, nanena pakamwa chimene munthuyo afuna kuchita. Munthu woyerekezayo alembedwa papepala pamodzi ndi mikhalidwe yake 6, monga mphamvu, nzeru ndi changu, ndipo muyeso wa mkhalidwe uliwonse upezeka poponya madayisi atatu, kotero kuti ukhala pakati pa 3 ndi 18. Akafuna kulasa chilombo aponya dayisi la mbali 20. Nambala ikafika pa muyeso woikika, walasa, ikaperewera, waphonya.

Apa amisiri awiriwa ayenera kutamandidwa, pakuti dayisi silidziwa mwana wa mfumu kapena wa mphawi. Bawo, wa maenje 32 ndi nkhomo 64, ali nawonso malamulo okhwima, koma m'menemo apambana ndi wodziwa kuwerengera patali, ndipo wosewera sayerekeza kukhala munthu wina. Iwo anatha kuphatikiza ufulu wa masanje ndi chiweruzo chosakondera.

Komatu zolakwa zilipo ziwiri, ndipo zonse zichokera kumene masewerowo anabadwira. Malamulo ake anamera pa masewero a nkhondo otchedwa Chainmail a mu 1971, ndipo chifukwa cha ichi masamba ambiri afotokoza za zida, mabala, matsenga ndi zilombo. Choposa apo, m'timabuku toyambato munthu woyerekeza ankakwera pa ulemerero chifukwa cha chuma chimene wafunkha ndi zilombo zimene wapha. Tsono chimene lamulo lipereka nacho mphotho ndicho chimene osewera adzachita. Ana a ku Kasinje atapatsidwa malamulo otere, kuphika kungathe, malonje angathe, milandu ya pabwalo la mfumu ingathenso. Ndipo m'zimenezi ndimo muli chinenero chokoma, miyambi ndi mawu aulemu amene mphunzitsi afuna kuti ana awazolowere.

Cholakwa chachiwiri nchobisika. Dayisi likati "waphonya", kawirikawiri palibe chimene chasintha. Wosewera angodikira kuti nthawi yake ifikenso. Nthano siyenda motero. Kalulu akalephera, kulephera kwakeko kubala tsoka lina, ndipo omvera asendera pafupi.

Vincent Baker anakonza mbali imeneyi m'masewero ake a mu 2010 otchedwa Apocalypse World. Nkhani yake njosayenera ana, koma lamulo lake lalikulu nlofunika kuliphunzira. Wosewera aponya madayisi awiri a mbali 6 naphatikiza manambala. Zikakwana 10 kapena kuposa, chimene anafuna chachitika. Zikakhala 6 kapena kuchepera, wotsogolera abweretsa vuto latsopano. Zikagwa pakati, pa 7, 8 kapena 9, wapeza chimene anafuna koma alipira mtengo wake: fisi wathawa ndi mphika, koma tambala wamuona. Madayisi awiri atha kugwa m'njira 36. Mwa izo 6 zipatsa chipambano chenicheni, 15 zipatsa vuto, ndipo 15 zipatsa chipambano cholipira, malinga ngati sanawonjezerepo kanthu chifukwa cha luso la munthuyo. Nchifukwa chake nkhani siima, pakuti kuponya kulikonse kusiya funso lofuna yankho la pakamwa. Mwa malamulo onse atchulidwa pano, ili ndilo liyandikira kwambiri nzeru za agogo okamba nthano.

Mphunzitsi wofuna kuyesa zimenezi pa phunziro la Chichewa safunika kugula buku. Madayisi awiri aumbidwa ndi dongo kapena kusemedwa pa kamtengo. Maudindo agawidwe mwa mayere, kuti kamwana kaja kalaweko ufumu tsiku lina. Mwana ayambe wanena m'chiganizo chathunthu chimene afuna kuchita, ndipo dayisi liponyedwe pokhapo pamene pali mkangano kapena chokayikitsa. Kupereka moni kwa apongozi sikufuna dayisi ayi. Mphotho, ngati ilipo, ipite kwa amene wathetsa mlandu ndi mwambi woyenera.

Chinthu china mphunzitsi asachiiwale. Makolo ambiri akaona madayisi aganiza za njuga, ndipo mphekesera ikafika kwa a komiti ya sukulu mphunzitsi asanalankhule, masewerowo athera pomwepo. Nkwabwino kuti ayambe wafotokozera mphunzitsi wamkulu, ndi kuitana makolo awiri kapena atatu kuti adzaonerere tsiku loyamba.