Za Nsalu Zoomba ndi Manja: Sari ya Amwenye ndi Machira a Makolo Athu

Mwezi wathawu, sitima ya Ilala itatsitsa katundu pano pa Likoma, mayi wina wa mumpingo mwathu anagula nsalu pa mulu wa kaunjika ku Mbamba, nabwera nayo kusukulu kuti tiione. Inali nsalu imodzi yaitali mikwamba itatu, yosasokedwa paliponse, yofiira ndi yonyezimira, ndipo m'mphepete mwake munali ulusi wonga golide. Tinamuuza kuti nsalu yotere akazi a ku India amaitcha sari, ndipo amaivala modzikulunga nayo thupi lonse, naponya nsonga yake paphewa. Iye anafunsa nati, "Aphunzitsi, kodi ndi siliki weniweni?" Tsono tinasolola kaulusi kamodzi ndi kukatentha ndi machesi. Siliki weniweni akapsa amanunkha ngati tsitsi lowauka, nasiya phulusa lofumbutuka m'zala. Koma kaulusi aka kanasungunuka ngati pepala la pulasitiki, nikauma gwa. Inali nsalu ya makina yongofanizira: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komatu munthu safanizira chinthu chachabe. Chifukwa chake tiyeni, owerenga athu, tiyese nsalu zenizenizo, tione chimene chizikometsa ndi chimene chizidetsa, ndipo pambuyo pake tidziyese tokha.

Siliki ndi ulusi wochokera kwa mbozi. Mbozi ikakhwima imalavula ulusi wosalala, nidzimangira nawo kanyumba koti igonemo kufikira isanduke gulugufe. Ku India kuli mitundu inayi yotchuka ya siliki. Woyamba, umene uli wochuluka koposa, ndi wa mbozi zoweta zimene zimadya masamba a mabulosi. Wachiwiri ndi tussar, wa mbozi zakuthengo, wokhakhala pang'ono ndi wamaonekedwe onga uchi, umene amaomba kwambiri ku Bhagalpur. Wachitatu ndi muga wa ku Assam, wachikasu mwachibadwa, umene umawalabe ngakhale auchape kawirikawiri. Wachinayi ndi eri, ndipo mbozi zake zimadya masamba a nsatsi, yomweyi imene imamera yokha kuseri kwa nyumba zathu.

Chimene tichitamanda koposa n'chakuti nsalu zambiri zimatchedwa ndi dzina la mudzi umene zinaombedwa, ndipo wodziwa amazizindikira ndi maso. Ya ku Varanasi imalemera ndi maluwa a ulusi wa siliva ndi golide, ndipo akwatibwi amaikhumba. Ya ku Kanchipuram, kum'mwera, ife tiiyesa yoposa inzake pa luso, pakuti woomba amaomba pakati pa nsalu ndi ulusi wake, mphepete ndi ulusi winanso, nazilumikiza molimba kotero kuti nsalu ingang'ambike pena ponse koma pamfundopo ayi. Kukongola kwake kuli m'kulimba kwake, monga bwato losemedwa bwino. Ndipo si siliki yekha: jamdani ya ku Dhaka, mzinda umene tsopano uli m'dziko la Bangladesh, ndi ya thonje lokha, yopyapyala ndithu, ndipo maluwa ake amawalowetsa ndi dzanja ulusi umodziumodzi nsalu ili chiombere. M'chaka cha 2013 bungwe la UNESCO linalemba luso limeneli pakati pa chuma cha anthu onse.

Koma tisakhale otamanda okhaokha. Kuti ulusi wa siliki wa mabulosi utuluke wosaduka, amaphika tinyumba tija mbozi zili momwemo. Eri ndiye amene kawirikawiri amayamba adikira gulugufe atuluke, napota ulusi wotsalawo ngati thonje; n'chifukwa chake sawala kwambiri, koma amafunda. Chinanso, sari yabwino imadya masabata pa choombera, ndipo wolemera ndiye amaivala, pamene oomba ambiri ali osauka, ndi makina akuwalanda malonda ndi nsalu zofanizira zonga ya ku Mbamba ija. Ngakhale zili tero, Amwenye sanataye choombera chawo. Mahatma Gandhi, m'zaka za m'ma 1920, anapota yekha thonje, nalimbikitsa anthu ake kuvala khadi, ndiyo nsalu yopota ndi kuomba pamanja, kuti asadalire nsalu za ku England. Kuyambira 2015 dziko lawo limakumbukira oomba nsalu pa 7 August chaka ndi chaka.

Nanga ife? Ana athu a sukulu ambiri amayesa kuti makolo athu sanadziwe nsalu kufikira anafika Azungu. Si zoona zimenezo. Asanaone nsalu ya m'sitolo, iwo ankasenda khungwa la mombo, nalinyika, nalisasantha kufikira lifewe, nakhala nacho chiwondo, chimene ena amati nyanda. Ndipo David Livingstone poyenda m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, lina lakwawo ndi lina lochokera kunja, ndipo m'midzi yambiri anaona anthu akupota ndi kuomba. Nsalu yawo, imene amuna ndiwo ankaiomba, inali machira, yochindikala ndi yokhalitsa. Ndipo machira onyamulira anthu aja anatenga dzina lawo ku nsalu yomweyo. Sinali yosalala ngati siliki, ndipo inalibe golide, koma inali ndi chija tachitamanda pa sari: wovala anadziwa munda umene thonje linamera ndi dzanja limene linaomba.

Chinaipha n'chiyani? Poyamba nkhondo za ogwira akapolo ndi njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 zinapasula midzi ya Amang'anja. Kenaka nsalu zakunja zinachuluka: merikani woyera, amene dzina lake likuchokera ku America, ndi kaniki wakuda wa ku India, zimene amalonda a Chiyao ndi Aluya ankabwera nazo kuchokera kunyanja yamchere. Antchito analandira malipiro awo m'mikwamba ya nsalu, ndipo munthu anaona kuti n'kwapafupi kugwira ntchito ya Mzungu kusiyana ndi kukhala masiku ambiri pa choombera. Thonje sitinaleke kulima, koma tinayamba kuligulitsa losapota. Fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 tinavala zitenje za thonje lathu, koma zoombedwa ndi makina. Ndipo lero ambiri a ife timasankha zovala pa mulu wa zimene ena anavula. Taonani chodabwitsa: nsalu ya Amwenye inathandiza kupha machira athu, koma eni ake anasunga luso lawo.

Tikudziwa kuti pa chilumba chathu chamiyala, pamene chinangwa chomwe chimamera movutika, sitingalime minda ya thonje. Sitikunenanso kuti amayi ataye chitenje navale khungwa. Koma manja a anthu a pa Likoma si aulesi: ndiwo anamanga tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera kuyambira 1903, ndipo asodzi athu akale ankapota okha ulusi wa maukonde asanafike a nayiloni. Chotiopsa n'chakuti okalamba amene anaona chiwondo ndi maso awo, ndi odziwa kupota luzi la mlambe pantchafu, akutha mmodzimmodzi, ndipo ife aphunzitsi, amene tinayenera kuwaitana m'kalasi, tinaphunzitsa ana mitsinje ya maiko akutali osawafunsa agogo awo kanthu. Mlandu umenewu tiuvomera.

Mayi uja nsalu yake anaidula, ndipo tsopano ndi makatani a pazenera. Sitinamletse, pakuti inali yoyenera zomwezo. Koma tikupempha inu owerenga, m'midzi ya pano, ya ku Chizumulu ndi ya kumtunda: ngati kwanu kuli nkhalamba yodziwa kusasantha chiwondo, kupota thonje kapena kuomba, pitani nawo ana anu mukakhale pakhonde pake, mulembe dzina la mtengo uliwonse ndi chipangizo chilichonse monga iye akutchulira, ndipo mutitumizire. Mawu a akulu akoma akagonera, koma ayenera kupeza wowasunga mwini wake asanagone.