MAI MAKEBA NDI ALEMBI A NYUZI

Woimba akatsiriza nyimbo yace anthu amaomba m'manja nabalalika. Kukaca, amene panalibe amafunsa kuti kunali bwanji, ndipo wowayankha si woimba uja ai, koma munthu wina amene anakhala pa mpando wa kutsogolo ali ndi pensulo m'manja. Ameneyo ndiye mlembi wa nkhani za zoimba m'nyuzi. Mphamvu yace ndi yaikuru, pakuti mau a woimba amatha usiku womwewo, koma ace amatsala pa pepala. Kawirikawiri timamva mbali ya mlembiyo yokha. Nkwapatali kuti woimba atakalamba atiuze m'mene iye anaonera anthu omulembawo.

Mai Miriam Makeba, amene anabadwira ku Johannesburg m'caka ca 1932 namwalira ku Italy mu 2008, anatisiyira buku lochedwa Makeba: My Story, limene anakonza pamodzi ndi mlembi wa ku America, James Hall, m'masiku a ulendo wa Graceland wa 1987. Muli zambiri m'bukumo: amai ao kumangidwa cifukwa ca kufulula mowa iwo ali khanda, maukwati ao, imfa ya mwana wao Bongi. Koma ine ndifuna kulondola kanjira kamodzi kokha, ndiko ka iwo ndi nyuzi.

Poyamba kuchuka kwao, akuimba ndi Manhattan Brothers ndiponso Skylarks, magazini ya anthu akuda yomveka koposa inali Drum, imene inayamba mu 1951 ndipo inalikufika ndi kuno komwe. Cithunzi cao cinaturuka pa cikuto cace mu 1957. Drum inali ndi cizolowezi coonetsa oimba akazi monga maluwa a pa thebulo, koma inalinso ndi munthu mmodzi wodziwa kumvetsera, Bambo Todd Matshikiza. Iwowa anali oliza piyano ndi opeka nyimbo asanakhale alembi, ndipo Cingerezi cao cinali codumpha-dumpha monga jazi imene analikuilemba, kotero kuti anzao anacipatsa dzina lace-lace, Matshikese. Ndiwo anapeka nyimbo za sewero la King Kong la 1959, m'mene Mai Makeba anasewera ngati Joyce, mwini shabini. Polemba za woimba, Bambo Matshikiza analikulemba monga mlimi wonena za munda wa mnzace: adziwa pamene khasu lalowa bwino ndi pamene langopalasa.

M'caka comweco ca 1959 Mai Makeba anacoka kwao cifukwa ca kanema wa Come Back, Africa, nafika ku New York mothandizidwa ndi Harry Belafonte. Alembi a kumeneko anawalandira ndi manja awiri, ndipo palibe angakane kuti ciyamiko cao cinawatsegulira makomo. Koma taonani cimene analikuyamika. Analemba za tsitsi lao losaongola ndi zobvala zao. Pofuna kufotokoza liu lao analiyerekeza ndi la Ella Fitzgerald ndi la Frank Sinatra, ngati kuti munthu wa ku Afrika samveka kufikira umuimike pambali pa wa ku America. Koposa zonse anatengeka ndi kuomba lilime kwa ciXhosa, kuja konga kutsonya koma kosanyoza, nakuyerekeza ndi kuphulika kwa citsekero ca botolo la vinyo. Nyimbo ya ukwati ya Qongqothwane inasanduka The Click Song, ndipo mwini wace analikuseka pa bwalo kuti Azungu anaicha tero cifukwa colephera kuchula dzina lace. Kwa aXhosa kuomba lilimeko ndi cilankhulo cabe, cimene mwana amapemphera naco madzi. Tingamve bwanji ife mlendo atacha nyimbo ya cinamwali kuti "nyimbo ya ng'", pakuti lilime lace lakana kunena ng'oma?

Mu 1960 boma la South Africa linapha pasipoti yao, kotero kuti sanakaike maliro a amai ao. Mu 1963 analankhula pa bungwe la United Nations za nkhanza za tsankho. Zimenezi sizinawadetse kwa alembi a ku America, popeza tsankho lonenedwalo linali la kutali. Analandira mphotho ya Grammy mu 1966 pamodzi ndi Belafonte, ndipo Pata Pata inamveka ponse-ponse mu 1967. Tsono mu 1968 anakwatiwa ndi Stokely Carmichael, mtsogoleri wa anthu akuda wa m'dziko lomwelo, amene Azungu ambiri analikumuopa. Pomwepo mapangano a kukaimba anathetsedwa, nyuzi zinayamba kuzirala, ndipo banjalo linasamukira ku Guinea, kwa Sékou Touré.

Apa ndipo ndifuna wowerenga aime pang'ono. Nkwapafupi kunena kuti alembi anali abwino mu 1960 naipa mu 1968. Ine sinditero. Liu la Mai Makeba silinasinthe m'zaka zisanu ndi zitatuzo. Ngati linasintha, linakula. Munthu amene anakonda liulo sakadalisiya cifukwa ca ukwati. Amene analisiya anaonetsa kuti kuyambira paciyambi sanali kumva nyimbo, koma kupenya mlendo wodabwitsa, ndipo mlendoyo atalowerera za pa mudzi pao anatha kukoma. Kuyamika kuja ndi kutaya kuja zinaturuka m'mphika umodzi. Akuru amati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Nyererezo zinalimo ndithu m'masiku a ciyamiko.

Buku lenilenilo silisowa zirema. Nkhani yonse yalembedwa ngati ilikucitika tsopano lino, ndipo zimenezi zimamkoka wowerenga bwino m'masamba a ubwana, koma patsogolo zimamcititsa kuthamanga kucoka kwa mfumu iyi kunka kwa mfumu iyo osapuma. Ndikadakonda masamba ambiri onena za nchito ya kuimba: m'mene Skylarks analikugawanira mau, kapena cimene woimba amacita nyimbo ya kumudzi ikakumana ndi zoliza za Cizungu. Ndipo pali cina codandaulitsa. Mai amene anabvutika ndi zolembera za eni, pofuna kunena za mumtima mwao anadzeranso pa colembera ca mlembi wa ku America, m'Cingerezi. Sindimtsutsa James Hall, pakuti popanda iye kapena bukulo sitikadakhala nalo. Koma powerenga ndimadzifunsa kuti mau awa ngao kapena ngace.

Bambo Matshikiza sanaone mathero a nkhaniyi. Atakhala ku London kuyambira 1960 anadza kuno ku Zambia mu 1964, nagwira nchito pa wailesi, pambuyo pace nakhala wosunga nyimbo za makolo m'cigawo ca boma ca zofalitsa nkhani. Anamwalira mu Lusaka mu 1968, caka comwe cija nyuzi za ku America zinatembenukira Mai Makeba msana.