Mzere wa Whistler ndi kukongola kopanda cholinga

M'chaka cha 1863 mu mzinda wa London, James McNeill Whistler anajambula mayi atatsamira pampando, tsitsi lili balala, nachitcha chithunzicho "Weary", kutanthauza wotopa. Mayiyo anali Joanna Hiffernan wa ku Ireland, yemwe Whistler ankakhala naye popanda ukwati.

Tiyambe ndi luso lake. Njira imene anagwiritsa ntchito imatchedwa drypoint. Mmisiri amakanda mbale ya mkuwa ndi singano yachitsulo, osathira asidi. Singano ikamadutsa, mkuwa umatukuka m'mbali mwa mzere monga dothi limachitira khasu likadutsa. Timilomo totukukato timasunga inki, ndipo papepala mzere umatuluka wofewa, wakuda bii ngati mwaye. Koma timilomoti sitikhalitsa. Makina osindikizira amatiphwanya pang'onopang'ono, kotero mapepala abwino amakhala oyambirira okha. Ndiponso singano ikaphonya, kufufuta kwake n'kovuta.

Whistler anaikira mtima pa nkhope ndi tsitsi. Kumunsi chovala chimangosungunuka m'mizere yothamanga, mbali yaikulu ya pepala n'kutsala yoyera. Apa sitingam'mane ulemu. Ife amene timaphunzitsa ana kulemba alif yowongoka tikudziwa kuti mzere umodzi woima bwino umadya zaka.

Pomwe tikusiyana naye ndi pa chiphunzitso. Whistler ndi anzake ankati luso lilipo chifukwa cha luso lokha, lisasenzetsedwe phunziro kapena chifundo. Zithunzi zake za anthu ankazipatsa maina a nyimbo ndi mitundu, ngakhale cha mayi ake omubereka. John Ruskin atanyoza chithunzi chake china mu 1877, Whistler anamusumira. Mu 1878 anapambana mlandu, koma khothi linamupatsa farthing imodzi yokha, kakobiri kochepetsetsa, ndipo chaka chotsatira anagwa mphwayi ndi ngongole mpaka katundu wake anagulitsidwa.

Komatu "Weary" chimatsutsa mwini wake. Chimene chimatigwira mtima si kusanjika kwa mizere ayi, ndi kutopa kwa munthu. Dzina lenilenilo likutiuza kuti timumvere chisoni. Ngati mayiyo ndi mizere chabe, bwanji kumutcha wotopa? Ndipo ngati ndi munthu, ife amene tinaphunzitsidwa kuti ntchito imayesedwa ndi niya sitingaleke kufunsa kuti anajambulidwa chifukwa chiyani, ndipo iye anapindula chiyani.

Za chithunzi cha cholengedwa chamoyo, mahadith ndi olemera, ndipo maulama ambiri amaletsa kuchijambula, ngakhale ena amafewetsa pa chithunzi chosakwanira thupi. Sitikuuza banja lililonse kuti lichipachike pakhoma. Kudziwa zomwe ena anapanga ndi nkhani ina.

Chotidabwitsa n'chakuti a gulu lomweli ankasirira kwambiri luso la Asilamu. Frederic Leighton, kuyambira 1877, anamanga chipinda chotchedwa Arab Hall m'nyumba yake ku Kensington, nachikuta ndi matailosi akale, ambiri ochokera ku Damascus, ena olembedwa ma ayah a Qur'an. Amisiri amene anawalemba ankafuna kuti awerengedwe. Alendo a Leighton ankayamikira kubiriwira kwake ndi kupindika kwa zilembo.