Kanema Ndi Wa Ndani? Kuonera TV Tili ku Kaunda Square

Anzanga acinyamata, yesani ici mlungu uno. Nkhani za madzulo zikayamba pa TV, tengani pensulo ndi kapepala, mulembe munthu aliyense amene apatsidwa mpata wolankhula, ndi udindo wake. Mlungu ukatha, bweretsani mapepalawo ku msonkhano wa gulu lanu, muwerenge pamodzi: anduna ndi akulu a zipani ndi angati, ndipo amai ogulitsa repu pa msika wa Kaunda Square, kapena anyamata oitanira minibasi za ku Chelstone, ndi angati? Osagwirizana nane adzanditsutse atawerenga.

Kucokera ku Kaunda Square kufika ku Mass Media, kumene kuli ZNBC, ndi makilomita ocepa cabe. Nyumbayo ili pa msewu wa Alick Nkhata, ndipo dzinalo limandigwira mtima. A Nkhata anali woimba ndiponso muulutsi pa Central African Broadcasting Station muno mu Lusaka, wailesi imene inafalikira m'makomboni ndi m'midzi pamene kawailesi kochipa ka Saucepan kanabwera mu 1949. Inali wailesi ya atsamunda, yokhala ndi zolinga za atsamunda, koma inkajambula nyimbo za anthu wamba ndi kuwerenga makalata ao m'zinenero zao. Kanema sinayambe motero. Inayamba ku Kitwe mu 1961 ngati malonda a kampani, yolinga azungu a ku migodi. Boma litaitenga, inangosintha mwini.

Amene anayamba kukana zimenezi ayenera kukumbukiridwa. Kumapeto kwa 1990 a Kenneth Kaunda analamula kuti Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail zisalembe za MMD. A Arthur Wina ndi anzao anapita ku khoti, ndipo khoti lalikulu linagamula kuti lamulolo linaphwanya ufulu wa anthu. Masiku amenewo nyuzipepala ya mipingo, National Mirror, inali mwa zocepa zimene zinkapatsa malo mau otsutsa. MMD italowa m'boma mu 1991, komiti yokonzanso zoulutsa nkhani inapereka malangizo ake mu 1993, ndipo mphepo ya wailesi inatseguka: Radio Christian Voice mu 1994, Radio Phoenix mu 1996, kenaka mawailesi a Akatolika monga Icengelo ku Kitwe, Yatsani muno mu Lusaka ndi Radio Maria ku Chipata. Koma kanema boma linaigwirabe ndi manja awiri. Amene dzulo ankadandaula kuti ZNBC iwamana mpata, atakhala pa mpando anaona kuti kumana ena n'kokoma.

Mu 2002 mabungwe a atolankhani, monga ZIMA imene inadzakhala MISA Zambia, PAZA ndi ZAMWA, pamodzi ndi aphungu otsutsa, anakankha mpaka Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo awiri: lokhazikitsa IBA, bungwe lopereka zilolezo zoulutsira, ndi losintha ZNBC kuti ikhale ya anthu onse. Mtima wa malamulowo unali pa cinthu cimodzi: maina a akulu oyang'anira ZNBC ndi IBA azisankhidwa ndi komiti yokhala ndi anthu a mabungwe osiyanasiyana. Nduna inakana maina ena. Mabungwe anapambana ku khoti lalikulu mu 2004, koma mu 2007 khoti la apilo lalikulu linati nduna ili ndi mphamvu yokana. Mu 2010 komitiyo inafafanizidwa m'malamulo, ndipo IBA inayamba nchito mu 2013, patapita zaka 11.

Ndiwalemekeza anthu amenewa. Anapirira pamene ena akadatopa. Komabe ndili nao mlandu. Nkhondo yonse inali ya mipando ya m'bodi. Inamenyedwa m'Cingerezi, m'mahotela ndi m'makhoti, pakati pa maloya ndi atolankhani. Funso lakuti kodi mai wa ku Stage 2 angalowe bwanji mu situdiyo kukanena za ngalande yotsekeka silinali pa mutu wa nkhani. Pamene zinali conco, mai yemweyo ankalipira msonkho wa TV mwezi ndi mwezi, poyamba pa bilu ya ZESCO, ndipo mu 2018 unakwezedwa kucoka pa K3 kufika pa K5. Wolipira anali iye, koma palibe anamuuza kuti mlandu uli ku khoti ndi wake. Ndiye cifukwa cake cigamulo ca 2007 cinadutsa ngati mphepo. Pa msika palibe anataya tulo. Zotsatira zake tinaziona: oyang'anira masankho ocokera ku European Union analemba mu 2016, ndiponso mu 2021, kuti nyumba zoulutsira za boma zinakondera cipani colamula.

Amene anabweretsa komboni pa kanema si lamulo, koma malonda. Muvi TV itayamba, kamera inalowa m'Mtendere, m'Kalingalinga, m'Kanyama, ndipo anthu anamva Cinyanja ca mu Lusaka pa nkhani, cosakaniza ndi Cibemba monga timalankhulira pa sitesheni. Sewero la Banja linaonetsa nyumba zofanana ndi zathu. Ici cinali cacikulu, ndipo amene amacinyoza ndi aja sanakhalepo cibadwire osadziona pa galasi. Paipi ikaphulika, anthu anaphunzira kuitana kamera asanaitane kansala, ndipo kawirikawiri njirayo inagwira nchito.

Koma taonani bwino mmene timaonekera. Munthu wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands akaitanidwa pa TV, amakhala pa mpando, ampatsa madzi, amufunsa maganizo ake pa za cuma ca dziko. Wa ku komboni amajambulidwa ali ciimire, akulira, akukangana ndi mkazi mnzake, kapena madzi a mvula ali m'maondo. Amapatsidwa kamphindi kodandaula, ndipo wofotokoza cimene cacititsa bvutolo amakhala wina. Ife timaseka, nanenso ndasekapo, koma pambuyo pake mwana wa pa nyumba yojambulidwayo amapita ku sukulu m'mawa mwake. Kuonetsedwa ndi kwina, kulankhula ndi kwina. Kamera ndi ya eni, lumo lodulira zithunzi ndi la eni, ndipo amasankha cimene cikopa oonera kuti otsatsa malonda alipire.

Kanema ya eni imazimanso msanga. Mu August 2016, masankho atangotha, IBA inaimitsa zilolezo za Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Prime TV inalandidwa cilolezo mu April 2020, n'kubwerera mu August 2021 boma litasintha. Oonera analibe ponena. Anangopeza galasi lili bii.

Kwina anayesa njira yacitatu, imene si ya boma kapena ya wamalonda. Ku New York, kuyambira 1971, makampani a TV ya pa nthambo anapatula macanelo oti munthu aliyense wa mu mzinda abweretse pulogramu yake, woyamba kufika ndiye woyamba kuulutsa. Pafupi ndi ife, Soweto TV inalandira cilolezo mu 2007, ndipo Cape Town TV, imene eni ake ndi mabungwe a anthu a mu mzindawo, inayamba mu 2008. Ndisakunamizeni: mapulogramu ambiri otere amatopetsa, mau samveka bwino, ndipo ndalama zimasowa caka ndi caka. Koma cifungulo cimakhala kwa anthu. Muno, pamene tinasamukira ku dijito ndi madikoda a TopStar, malo a macanelo anaculuka kwambiri. Macanelo a mafilimu akunja anapeza malo. Kodi ndani anapempha kuti imodzi ikhale ya makomboni a Lusaka? Mipingo, imene inatsogola pa wailesi, ikafika pa kanema kawirikawiri imagula nthawi yoonetsa maulaliki ndi makwaya, basi.

Wina adzati, "Iwe, zonsezi n'zakale, aliyense ali ndi foni, ali ndi Facebook." Zoona, ndipo mavidiyo a pa foni aulula zambiri. Koma bando imatha, ambuya anu sali pa TikTok, ndipo kansala akhoza kunyalanyaza kavidiyo ka mnyamata mmodzi. Kukana kubwera pa pulogramu imene dera lonse likuonera madzulo n'kobvutirapo.

Pulogramu imene ine ndifuna kuona ndi yosabvuta. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, kuphatikizapo Munali yathu. Mu December 2023 lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata za boma linasainidwa, patapita zaka 21 kucokera pamene boma linalibweza mu 2002. Tsono gulu la acinyamata lipemphe mndandanda wa zimene ndalamazo zagula, liike mabenchi pa msika wa Kaunda Square, liitane kansala ndi a komiti ya citukuko ca wadi, ndipo maikolofoni apatsidwe amai a pa msika kwa theka la ola, osadula kanthu. Mafoni ojambulira muli nao m'matumba. Kalata yopempha nthawi ku ZNBC, imene timailipirira msonkho, ifuna pepala limodzi ndi masiginecha a magulu a mipingo itatu kapena inai ya m'Stage 1 ndi Stage 2.