Luso lobisira nyama chakudya

Nyama ya m'khola ikhoza kukhuta tsiku ndi tsiku koma mutu wake n'kumadwala. Amene anaonapo pusi womangidwa chingwe m'chiuno kuseri kwa nyumba akudziwa: amayenda uku ndi uku pamalo amodzimodzi mpaka pansi kuchita kanjira, amadzizula ubweya, amadziluma mchira, kapena amangoti ndwii n'kumagwedezeka. Kuno ku Neno, kumene anyani ndi apusi amatsika m'mapiri kudzathyola chimanga, pusi wamkazi akaphedwa m'munda mwana wake amatha kutengedwa kukawetedwa pakhomo. Nthochi amam'patsa, madzi amam'patsa. Chimene amam'mana ndi ntchito.

Kutchire nyani amatha pafupifupi theka la tsiku akusaka chakudya. Amagubuduza miyala, kufukula mizu, kusenda makungwa, kutola njere za udzu imodziimodzi. Mukamuikira zonse m'mbale amatha m'kanthawi kochepa, ndiye tsiku lonselo manja ndi nzeru zake zichite chiyani?

Funso limeneli ndi lomwe amalimbana nalo osamalira nyama ku Lilongwe Wildlife Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Kumeneko ndi kumene amalandira apusi, anyani, agwape ndi nyama zina zolandidwa kwa ogulitsa kapena zopulumutsidwa kumisampha. Ine ntchito yawo imandigwira mtima chifukwa munthu wongodutsa angaione ngati yachibwana. Bambo wamkulu ali khale pansi, akulonga mtedza m'katoni, akuphimba ndi masamba ouma, akumanga. Wina akuboola timabowo pansungwi kuti chakudya chizituluka pokhapokha pusi ataigwedeza. Wina wamwaza chimanga muudzu wautali m'malo mochiunjika pamodzi.

Kumwazako kuli ndi nzeru ziwiri. Nyama imapeza chochita, komanso wamphamvu pagulu sangathe kulondera njere zonse, choncho wofooka ndi wamng'ono nayenso amadya. Koma muyeso wake ndi wovuta. Chobisika chikaphweka, pusi amachitulukira kamodzi n'kutaya chidwi. Chikalimba kwambiri amakwiya, ndipo mkwiyowo amakauthera pa mnzake. Chimene chasangalatsa lero, sabata yamawa chakhala chozolowereka. Ndiye wosamalira amasinthasintha malo, nthawi ndi zipangizo, ndipo koposa zonse amakhala phee n'kumayang'ana: ndani wayandikira, ndani waopa, ndani wasiya kudzizula ubweya. Maso amenewa sagulidwa kusitolo, amabwera ndi zaka.

Ana amasiye ndiye amafuna kudekha kwenikweni. Mwana wa pusi amakhala atakakamira pamimba pa mayi ake usana ndi usiku, ndipo akasowa chogwira amafota ngakhale mkaka ulipo. Poyamba amamwetsedwa ndi anthu, koma cholinga ndi choti awaiwale anthuwo. Amam'pezera pusi wamkazi woti amulere, n'kuwazoloweretsa pang'onopang'ono kudzera pawaya mpaka wamkuluyo atayamba kumusankha nsabwe. Kuchoka apo amalowa m'gulu, ndipo magulu ena otere anakamasulidwa ku Kasungu National Park. Wosamalira wabwino amakondwa nyama ikayamba kumuthawa.

Mikango nayonso inadutsa m'manja omwewa. Mu 2009 kunafika Bella, mkango waukazi wa diso limodzi wochokera kumalo oonetserako nyama ku Romania, mothandizidwa ndi bungwe la Born Free. Mu 2014 kunabwera Simba, yemwe anakhalapo m'ngolo ya anthu ochititsa masewera ku France. Mikango iwiriyi sikanatha kukakhala kutchire, koma inaponda dothi, inagona pamthunzi wa mitengo, inanunkhiza mphepo.

Ngaka ndiyo imaonetsa poyera kuti nkhaniyi si yongosangalatsa nyama. Siidya za m'mbale. Imafuna nyerere ndi chiswe chimene yafukula yokha, moti ngaka yolandidwa kwa ozembetsa imafunika munthu woiperekeza kutchire kwa maola angapo tsiku lililonse, akuitsata mwakachetechete kufikira itabwezeretsa thupi.

Zoti nyama imafuna kudzipezera yokha chakudya asayansi anaziyesa kale. Mu 1963 Glen Jensen wa ku America anapeza kuti makoswe ambiri ankapitiriza kudina kachitsulo kuti apeze chakudya ngakhale china chaulere chili pambali pawo. Izi zaonekanso pa mbalame ndi nyama zina zambiri.

Alimi athu ena amazidziwa popanda buku. M'dzinja mbuzi zikamangidwa poteteza mbewu, mayi wodziwa kuweta saziponyera masamba pansi. Amapachika nthambi m'mwamba kuti mbuzi iime ndi miyendo iwiri n'kumabudula monga ichitira kutchire, ndipo chikhomo amachisuntha mawa lake. Nkhumba ya pasimenti pokhapokha imayamba kutafuna matabwa ndi michira ya zinzake, pomwe yoikiridwa mapesi ndi udzu imatanganidwa n'kufukula. Nkhuku zotsekeredwa zopanda popalasa zimajomphana mpaka magazi. Ndi luso lomwe lija la ku Lingadzi, ndipo silifuna ndalama.

Koma pusi, nyani kapena ngaka si ziweto, ndipo palibe chobisa m'katoni chimene chingalowe m'malo mwa gulu ndi tchire. Lamulo la nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende pamilandu ya nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka. Ngati m'mudzi mwanu muli pusi wa pachingwe, musadikire kuti akule n'kuluma mwana. Uzani amfumu, apolisi a pa Boma kapena a nthambi ya National Parks and Wildlife kuti apite naye kwa odziwa kumusamala.