Ngoma ya ku Ntcheu Isayesedwe ndi Muyeso wa Kanema

Chaka chilichonse Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ukangotha pa Nkolimbo, mkangano umasamukira m'minibasi za mumsewu wa M1, pamsika wa Lizulu ndi pamabwalo a masese. Ena amati anyamata a masiku ano savina ngati Azulu enieni. Ena amangokamba za amene anatchena bwino zikopa ndi nthenga. Achinyamata ena amati ngoma ndi gule wa madala, iwo awapatse amapiano. Ambiri mwa otsutsanawa amakhala kuti pabwalopo sanafikepo, guleyo anamuonera pa wailesi ya kanema kapena pa foni. Vuto lagona pamenepo. Tikuweruza ngoma ndi maso ophunzitsidwa ndi kanema, pomwe luso la gule ameneyu lili m'zinthu zimene kamera imakonda kuzidumpha.

Tiyambe ndi onena za Azulu. Chithunzi cha msilikali wachingoni chimene ambiri tili nacho m'mutu chinachokera mu kanema wa Shaka Zulu wa mu 1986, momwe Henry Cele anasewera ngati mfumuyo, ndipo kanema wa Shaka iLembe wa mu 2023 wachikhomereranso. Mmenemo timaona anyamata a matupi osemedwa, akuponya mwendo kupitirira mutu. Ndi zokongola ndithu, koma ndi za ku KwaZulu-Natal, zokonzedwanso kuti zikomere kamera. Angoni a kwa Maseko anachoka kummwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Anawoloka Zambezi, anakafika mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania, kenako anabwerera kudzakhazikika cha ku Domwe. M'njira monsemo anakwatirana ndi mitundu ina, ndipo kuno anasakanikirana ndi Achewa mpaka kutenga chiyankhulo chawo. Gule amene wayenda ulendo wotere kwa zaka pafupifupi 200 sangakhale chimodzimodzi ndi wa kumene anachokera. Ngoma ya ku Ntcheu inakulira kuno, ndipo ili ndi malamulo akeake.

Lamulo loyamba lili kuphazi. Katswiri wa ngoma amadziwika ndi mmene phazi lake limaterera pansi, osati kutalika kumene mwendo wafika. Amapinda mawondo pang'ono, thupi lonse n'kulisenzetsa mwendo umodzi, n'kunyamula winawo mosafulumira. Kenako pamabwera kanthawi kodikira, phazi lili m'malere, nyimbo ikupita. Luso lonse lili m'kanthawi kameneko. Wophunzira amachita mantha ndi kudikirako, ndiye amaponda msanga. Mkulu wodziwa amaligwira phazilo mpaka woonerera mtima utakwera, n'kulitsitsa lonse lathunthu, chidendene ndi zala pamodzi, nthaka n'kuyankha. Amuna makumi awiri akaponda nthawi imodzi pamamveka kugunda kumodzi kokha. Pakamveka kuwiri kapena kutatu, gululo silinakonzeke, ngakhale litavala zikopa za nyalugwe.

N'chifukwa chake nthawi zambiri gogo wa imvi amaposa mnyamata wa mphamvu. Mnyamata amafuna aonekere yekha, pomwe ngoma ndi gule wa mzere. Inachokera ku magulu a nkhondo, komwe munthu wotsogola yekha kapena wotsalira ankaika anzake pangozi. Chishango ndi chibonga nazonso zili ndi ntchito. Zimakwera ndi kutsika motsatira phazi, ndipo wovina amene chishango chake chikungolendewera ngati chikwama waiwala theka la gule. Mpata woti munthu atuluke mumzere n'kudzionetsa yekha ulipo, koma umakoma chifukwa choti mzerewo unali wolimba poyamba, ndipo iye akamaliza amabwereramo.

Lamulo lachiwiri lili m'mawu, ndipo apa ndi pamene amayi amalakwiridwa kwambiri. Wotsogolera nyimbo amaponya, amuna amavomera ndi mawu okhuthala a pansi, koma amene amasunga nthawi ndi amayi owomba m'manja. Iwo akafulumiza, mapazi onse amasokonekera. Nthungululu nayo siimangolira paliponse. Mayi wodziwa amaiimba pamene wovina waponda mogwira mtima, ndipo imakhala ngati chigamulo cha bwalo lonse. Amayiwa alinso ndi magule awo, monga uyeni ndi msindo, omwe ali ndi luso lofatsa la mapewa ndi kayendedwe. Koma pokambirana za chikhalidwe cha Angoni, magule amenewa amangotchulidwa mongodutsa.

Pali ena amene amanyoza nyimbo za ngoma ya kuno poti zambiri zili m'Chichewa, ndipo mawu achingoni otsalamo oimba ena sawamvetsa. Nkhawa yawo ndi yomveka. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anasindikiza nkhani yokhudza nyimbo zawo mu 1937, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chiyankhulocho chapitirira kuzilala. Amene akuyesetsa kuchiphunzitsanso akuchita bwino. Komabe nyimbo imene bwalo lonse likuimva, yodzudzula mlesi, yolira malemu kapena yotamanda Inkosi, ili ndi moyo kuposa mawu oloweza pamtima popanda tanthauzo. Woimba wa kwa Njolomole kapena kwa Kwataine akapeka nyimbo m'Chichewa n'kuikhazika bwino pa kugunda kwa phazi, wachita ntchito ya mmisiri.

Nanga ofalitsa nkhani amatani nazo zonsezi? Kamera imakonda nkhope ndi nthenga za kumutu, mapazi n'kuwadula. Imasinthasintha chithunzi pa masekondi ochepa alionse, motero kudikira kuja sikuoneka n'komwe. Maikolofoni amaikidwa pa nsanja ya olankhula, ndiye kunyumba timamva woyendetsa mwambo akutchula maudindo a alendo pomwe kugunda kwa nthaka kwatayika. Zolankhula za andale zimaulutsidwa zonse, gule n'kupatsidwa mphindi zochepa. Chizolowezi chimenechi n'chakale. M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda magule ankasonkhanitsidwa m'mabwalo a masewero kuti atamande mtsogoleri, ndipo iye mwini ankalowa m'bwalo la Angoni atanyamula chishango. Wailesi ya kanema itafika m'dziko muno mu 1999 inapeza maso athu atazolowera kale kuyang'ana mlendo wolemekezeka m'malo mwa wovina.

Kukondera kwina kuli pa mayina. Woimba wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akatulutsa nyimbo imodzi, dzina lake, zovala zake ndi chibwenzi chake zimakambidwa sabata yonse. Munthu amene watsogolera nyimbo za ngoma kwa zaka makumi atatu ku Tsangano kapena kwa Ganya amangotchedwa "gulu la ngoma". Mmisiri wopanda dzina sangayamikiridwe, sangadzudzulidwe, ndipo akamwalira palibe amene amadziwa kuti tataya chiyani. Oimba otchuka amene amavala zikopa m'makanema a nyimbo zawo sindikuwaletsa. Ndikungowapempha kuti asamabwereke zovala zokha. Apite akakhale pansi ndi eni gule, aphunzire kaponyedwe ndi kavomeredwe ka nyimbo, ndipo awatchule mayina ndi kuwalipira.

Ovina nawonso ali ndi mbali yawo. Magulu ena ayamba kuvinira kamera. Akufulumizitsa nyimbo, akudumphadumpha motsanzira za m'kanema, ndipo ena amalowa m'bwalo atalawa kwambiri. Aiwala kulemera kwa malo amene akupondapo. Pa Nkolimbo timakumbukira Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Mwana wake Philip Gomani anachotsedwa pa ufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland komanso malamulo a malimidwe. Gule wovinidwa pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V, pa nthaka ya mbiri yotere, safuna phuma.

Kwa ojambula ndi atolankhani, pempho langa ndi losavuta. Tsitsani kamera ione mapazi, ikani maikolofoni pakati pa amayi owomba m'manja, lolani nyimbo imodzi ithe osaidula, ndipo funsani dzina la woitsogolera. Kwa inu okonda kutsutsana za nyimbo, pitirizani, chifukwa luso losakambidwa limafa. Koma musananene kuti gulu ili laposa lija, pitani pabwalo, muime pafupi, mumvetsere ngati mapaziwo akugunda kamodzi.